Nyemba ndi mbatatesi zowotcha mu uvuni: kaphikidwe kake ndi ntchito yake pa kadyedwe kosamala thupi

Nyemba ndi mbatatesi zowotcha mu uvuni ndi chakudya chopanda nyama chomwe chimakonzedwa posanjikiza mbatatesi zodula mopyapyala ndi nyemba zophika kale, zosakaniza ndi tomato, anyezi ndi masamba. Zonsezi zimaphikidwa ndi moto wapansi ndi wapamwamba mpaka pamwamba pake pafiirire. Chimafanana ndi empadão, chakudya cha Chipwitikizi cha mbatatesi ndi nyama yogaya, koma apa nyemba ndi zomwe zimalowa m'malo mwa nyamayo. Ndi chakudya chokhutitsa, cha mafuta ochepa, ndipo zonse zofunika pophika zimapezeka m'misika ya m'chigawo cha Tete. Pa chifukwa chimenechi chimayenerera anthu omwe auzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi, mchere kapena mafuta, komanso mabanja omwe sangakwanitse kugula nyama sabata iliyonse.

Kumene mbewu ziwirizi zidachokera ndi kumene zimalimidwa

Mbatatesi, yomwe ambiri amaitchula kuti kachewere ndipo pa Chipwitikizi cha ku Mozambique amati batata reno, idachokera kumapiri a Andes ku South America, kudera lozungulira nyanja ya Titicaca pakati pa Peru ndi Bolivia. Anthu a ku Spain ndi omwe adapita nayo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuchokera kumeneko idafalikira kumayiko ena. Nyemba nazonso kwawo ndi ku America, ku Mexico ndi ku Andes komweko.

M'chigawo cha Tete mbewu ziwirizi zimachita bwino kumtunda kozizira, makamaka m'maboma a Angónia ndi Tsangano, komanso Macanga. Dera la Angónia lili pamtunda wopitirira mamita 1000, ndipo phiri la Dómuè limafika mamita 2095. Kuzizira ndi mvula yokwanira ndi zomwe mbatatesi imafuna. M'madimba alimi amalimanso m'nyengo yachilimwe, motero mbatatesi siisowa pamsika pafupifupi chaka chonse. Matumba a mbatatesi ndi nyemba zochokera ku Ulónguè ndi Tsangano amatsikira ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, ena amapitirira mpaka ku Chimoio ndi Beira, ndipo ena amagulitsidwa m'misika ya m'malire ndi dziko la Malawi.

Bungwe la mgwirizano wa mayiko, ONU, lidasankha 2008 kukhala chaka cha mbatatesi padziko lonse, ndi 2016 kukhala chaka cha mbewu za mtundu wa nyemba. Tsiku la 10 Fevereiro ndi lokumbukira mbewu za mtundu wa nyemba, pomwe 30 Maio ndi la mbatatesi.

Chifukwa chake kadyedwe kasanduka nkhani ya zaumoyo

Dziko la Mozambique likulimbana ndi mavuto awiri a kadyedwe pa nthawi imodzi. Loyamba ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2022 mpaka 2023 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. M'chaka cha 2011 chiwerengerochi chidali 43. Lachiwiri ndi matenda osapatsirana monga kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amati tensão alta, ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa STEPS adasonyeza kuti pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, omwe magazi awo amathamanga adali 33 pa 100 aliwonse mu 2005, ndipo pofika 2015 adali pafupifupi 39 pa 100 aliwonse.

Choopsa ndi chakuti kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka. Munthu amatha zaka akuyenda, kulima ndi kuchita malonda osadziwa kanthu, mpaka tsiku lomwe amagwa nkufa ziwalo, zomwe madokotala amati AVC, kapena mtima ndi impso zitawonongeka kale. Banja limataya wolisaka chakudya, nkuyamba kusamalira wodwala wosatha kudzuka yekha.

Maganizo a anthu amathandiziranso vutoli. M'madera ambiri munthu akanenepa amati akupeza bwino, ndipo akatsika thupi anthu amayamba kunong'ona kuti akudwala. Nyemba zimatengedwa ngati ndiwo za masiku osowa, pomwe nyama yonona, chipisi ndi zakumwa za m'mabotolo zimaoneka ngati chizindikiro cha ndalama. Zotsatira za kafukufuku wa zakudya zimatsutsana ndi maganizo amenewa.

Zomwe zili mu nyemba ndi mbatatesi

Mphamvu ya chakudya imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya sitachi, shuga kapena mapuloteni imapereka makalori 4, pomwe galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9.

Magalamu 100 a mbatatesi yaiwisi amakhala ndi makalori pafupifupi 77, mapuloteni magalamu 2 ndi mafuta ochepetsetsa. Gawo lalikulu la mbatatesi ndi madzi. Muli vitamini C, vitamini B6 ndi potaziyamu, mchere wa m'thupi womwe umathandiza kuti magazi asathamange kwambiri. Mbatatesi yomweyo ikakazingidwa m'chiwaya kukhala chipisi, magalamu 100 amafika makalori pafupifupi 300, chifukwa madzi amatuluka ndipo mafuta amalowa. Choncho chonenepetsa kwenikweni ndi kaphikidwe ndi kuchuluka kwake.

Nyemba zouma zimakhala ndi mapuloteni opitirira magalamu 20 pa magalamu 100 aliwonse. Zikaphikidwa zimamwa madzi, motero magalamu 100 a nyemba zophika amakhala ndi mapuloteni magalamu 8 kapena 9 ndi makalori pafupifupi 130. Muli ferro, yemwe ena amati ayironi, wothandiza kupanga magazi, komanso zinki ndi folato, vitamini wofunika kwambiri kwa amayi oyembekezera. Mulinso fibra wambiri. Fibra ndi gawo la zomera lomwe siligayika m'mimba. Limachedwetsa shuga kulowa m'magazi, limathandiza kutsitsa kolesterolo, limafewetsa chimbudzi ndipo limapangitsa munthu kukhala wokhuta nthawi yaitali.

Mbewu ziwirizi zimathandizana. Mbatatesi ikadyedwa yokha imakweza shuga m'magazi mofulumira, koma ikadyedwa ndi nyemba ndi masamba kukwerako kumachedwa. Ferro wa mu nyemba thupi limamutenga movutikira, koma vitamini C wa mu tomato, pimento, masamba ndi mandimu amathandiza kuti alowe bwino. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ferro wolowa m'thupi, nchifukwa chake ndi bwino kumwa tiyi patadutsa ola limodzi kapena kuposerapo.

Mitundu yonse ya nyemba imagwira ntchito pa chakudyachi, kaya zofiira, zoyera, zamawangamawanga kapena zomwe pamsika amati feijão manteiga. Palinso mbewu monga NUA 45 zomwe akatswiri a zaulimi adazisankha chifukwa zili ndi ferro ndi zinki wochulukirapo.

Zofunika pophikira anthu 6

- Nyemba zouma makapu 2, pafupifupi magalamu 400
- Mbatatesi kilogalamu imodzi
- Anyezi 2 akuluakulu
- Tomato 5 wakupsa bwino
- Adyo timano 3
- Karoti 2
- Pimento 1
- Mtolo umodzi wa couve, mpiru kapena nkhwani
- Mafuta ophikira masupuni aakulu 3
- Mchere wa ayodini supuni yaing'ono imodzi yosasefukira
- Colorau supuni yaing'ono imodzi, tsamba limodzi la louro, ndi tsabola kwa omukonda
- Ndimu imodzi yofinyira podya

Kaphikidwe

1. Nyemba zimasankhidwa kuchotsa timiyala ndi zofumbwa, zimatsukidwa, kenako zimanyikidwa m'madzi ambiri kwa maola 8 mpaka 12. Kunyika madzulo nkuphika m'mawa ndiko kosavuta. Kunyika kumafupikitsa nthawi yophika, motero kumapulumutsa nkhuni ndi makala.

2. Madzi onyikira amatayidwa. Nyemba zimaikidwa m'madzi atsopano pamodzi ndi tsamba la louro, ndipo ziyenera kubwadamuka pamoto wamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Izi ndi zofunika chifukwa nyemba zaziwisi, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amafa ndi kuwira kokwanira. Zikatero moto umachepetsedwa, nyemba nkumapsa pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena limodzi ndi theka, mpaka zizinyenyeka pozikanikiza ndi zala. Nyemba zogonera chaka zimachedwa kupsa. Kumtunda monga ku Ulónguè madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, choncho nyemba zimatenga nthawi yochulukirapo kusiyana ndi mumzinda wa Tete.

3. Soda kapena chidulo sizifunika. Zimafewetsa nyemba msanga koma zimawononga vitamini B1. Tomato nayenso saikidwa nyemba zisanafewe, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba.

4. Nyemba zikapsa zimatsanulidwa, koma makapu awiri a msuzi wake amasungidwa.

5. Mbatatesi zimatsukidwa bwino ndi kudulidwa mozungulira, kukhuthala kwake pafupifupi theka la sentimita. Ngati khungu lili losalala, losabiriwira, palibe chifukwa chosendera, popeza khungulo limawonjezera fibra. Zidutswazo zimawiritsidwa mphindi 5 zokha nkutsanulidwa zisanafewetse.

6. M'poto wina, masupuni awiri a mafuta amatenthedwa pamoto wochepa. Anyezi amakazingidwa mpaka afewe, kenako adyo, karoti ndi pimento zodula tizidutswa. Pakatha mphindi 5 tomato ndi colorau zimalowa, ndipo zimaphikidwa mpaka tomato asungunuke.

7. Nyemba, kapu imodzi ya msuzi wake ndi gawo lalikulu la mchere zimathiridwa mu tomatoyo. Wophika amanyenya nyemba pang'ono ndi mthiko kuti msuzi ulimbe. Masamba odula amalowa pomaliza ndipo amangofota kwa mphindi 2 kapena 3, chifukwa adzapsanso mu uvuni.

8. Thireyi ya uvuni kapena poto wokhuthala amapakidwa mafuta pang'ono kuchokera pa supuni yotsala ija. Pansi pamayalidwa theka la mbatatesi, pakati nyemba zonse, pamwamba mbatatesi zotsala zoyalidwa motsamirana ngati malata a denga. Msuzi wa nyemba wotsala umathiridwa m'mbali kuti chakudya chisaume, koma usamize mbatatesi zapamwamba. Mafuta ndi mchere wotsala zimapakidwa pamwamba.

9. Mu uvuni wamagetsi kapena wa gasi chakudyachi chimawotchedwa pa madigiri 190, chovundikira kwa mphindi 25, ndi chosavundikira kwa mphindi zina 15 mpaka 20. Chapsa ngati mpeni ukulowa mosavuta mpaka pansi ndipo pamwamba pafiirira. Mbatatesi zisafike poda ndi kupserera.

10. Chikaphulidwa chimasiyidwa mphindi 10 kuti chigwirane, kenako chimadulidwa magawo 6.

Ena amakonda kuwiritsa mbatatesi mpaka zifewe, kuzinyenya ndi msuzi wa nyemba kapena mkaka pang'ono, nkuzipaka pamwamba pa nyemba monga amachitira empadão. Njira imeneyi ndi yabwino kwa ana aang'ono ndi okalamba omwe mano awo ndi ovuta. Omwe amazolowera kutendera akhoza kuthira masupuni awiri a nsinjiro m'malo mwa gawo lina la mafuta. Khobwe ndi nandolo zikhozanso kulowa m'malo mwa nyemba, ndipo mbatata yofiira mkati ikhoza kulowa m'malo mwa theka la mbatatesi, zomwe zimawonjezera vitamini A.

Kumene kulibe uvuni

Nyumba zambiri zilibe uvuni, koma chakudyachi chimapsa bwino pa mbaula kapena pa mafuwa, monga momwe amayi amaphikira chigumu. Pamafunika poto wokhuthala pansi, wokhala ndi chivundikiro chachitsulo, kapena chidutswa cha lata choyera. Pansi pa poto pamasiyidwa makala ochepa omwe ayamba kuyera phulusa, ndipo makala ambiri amaikidwa pamwamba pa chivundikiro. Moto wapansi ukachuluka, mbatatesi zapansi zimapserera zapamwamba zisanapse. Poto amatembenuzidwa pakatha mphindi 10 zilizonse kuti moto ufike mbali zonse. Nthawi yonse ndi mphindi 40 mpaka 50. Potsegula kuti aone, wophika amachotsa kaye makala pang'ono kuti phulusa lisagwere m'chakudya.

Mbaula iyenera kuyaka panja kapena pamalo podutsa mphepo. M'miyezi yozizira ya Junho ndi Julho mabanja ena amalowetsa mbaula m'nyumba nkutseka zitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo kapena mtundu womwe umakomola ndi kupha anthu ali mtulo.

Gawo limodzi ndi zodyera pamodzi

Chakudyachi chikagawidwa kwa anthu 6, aliyense amalandira makalori apakati pa 450 ndi 500, mapuloteni pafupifupi magalamu 20, theka la supuni yaikulu ya mafuta, ndi mchere wosakwana galamu imodzi. Fibra wake amapitirira theka la magalamu 25 omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse, OMS, limalimbikitsa munthu wamkulu kudya pa tsiku.

Mfundo yofunika kwa ofuna kuchepetsa thupi ndi yakuti mbatatesi yatenga kale malo a nsima. Kudya chakudyachi ngati ndiwo za mitanda itatu ya nsima, mpunga kapena buledi kumawirikiza sitachi pa mbale imodzi. Choyenera kutsagana nacho ndi masamba: saladi ya kabichi, tomato ndi nkhaka yothira ndimu, kapena bonongwe, chisoso, khwanya ndi therere. Njira yosavuta yoyezera ndi kugawa mbale m'maganizo. Theka likhale masamba, ndipo theka linalo likhale nyemba ndi mbatatesi.

OMS imalimbikitsa magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku. Mbatatesi, mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa pa muyezo umenewu chifukwa zili m'gulu la zakudya za sitachi.

Munthu yemwe amalima tsiku lonse, kunyamula matumba kapena kupalasa njinga mtunda wautali amafuna mphamvu zochuluka, ndipo kwa iye kuwonjezera nsima ya mgaiwa nkoyenera. Muyezo wa chakudya umatsata ntchito ya thupi.

Kuchepetsa thupi mwanzeru

Mawu akuti dieta ambiri amawamva ngati kudzimana chakudya. Kuchipatala amatanthauza kadyedwe kolongosoka komwe munthu angakatsate kwa zaka zambiri. Choyamba ndi kudziwa ngati pakufunikadi kuchepetsa thupi. Azaumoyo amagwiritsa ntchito muyezo wa IMC: kulemera kwa munthu m'makilogalamu kumagawidwa ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Munthu wolemera makilogalamu 80 wotalika mamita 1,65 amachulukitsa 1,65 ndi 1,65 nkupeza 2,72, kenako amagawa 80 ndi 2,72 nkupeza 29,4. Kwa akuluakulu, IMC yosafika 18,5 ndi kuonda, 18,5 mpaka 24,9 ndi thupi loyenera, 25 mpaka 29,9 ndi kunenepa, ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kwambiri. Muyezo umenewu sugwira ntchito kwa amayi oyembekezera, ndipo ana ali ndi muyezo wawo.

Mimba imayezedwanso ndi tepi. Ikapitirira masentimita 94 kwa abambo kapena 80 kwa amayi, chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima chimakwera, ngakhale munthuyo asaoneke wonenepa kwina konse.

Thupi limatsika munthu akamadya makalori ocheperapo kuposa omwe amagwiritsa ntchito. Liwiro loyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Sipafunika kutsika kwambiri kuti phindu lioneke. Kuchotsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a kulemera kwa thupi kumatsitsa kale kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kwa munthu wa makilogalamu 80 uja, amenewa ndi makilogalamu 4 mpaka 8.

Nyemba zimathandiza pa ntchitoyi chifukwa fibra ndi mapuloteni zimachedwetsa njala. Munthu yemwe wadya nyemba masana safulumira kufuna mandasi kapena mabisiketi madzulo. Mbatatesi yowiritsa kapena yowotcha nayonso imakhutitsa kwambiri poyerekeza ndi makalori ake.

Njira zachidule zimakhala ndi mavuto ake. Kusala kudya tsiku lonse nkudzadya kwambiri usiku sikuchepetsa chakudya chonse cha pa tsiku. Kudya mtundu umodzi wokha wa chakudya kwa masabata kumasowetsa thupi zofunika zina. Matiyi ndi mankhwala ambiri ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti ngati ochepetsa thupi amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chomwe chimatsika pa sikelo ndi madzi, ndipo amabwerera pakangotha masiku ochepa.

Kuyendetsa thupi ndi gawo la chithandizo. OMS imalimbikitsa akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yopumitsa mofulumirako, monga kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kulima. Mphindi 30 pa tsiku kwa masiku 5 zimakwanitsa muyezo woyambira.

Mchere, shuga, mafuta ndi mowa

Mbale imodzi yabwino siingakonze tsiku lonse ngati zinthu zinayi izi zikuchuluka.

Mchere: OMS imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi mchere wa mu buledi, nsomba zouma zamchere ndi zakudya za m'zitini. Timabulu ndi timapaketi ta caldo tili ndi mchere wambiri, motero kuthira caldo ndi mchere pamodzi ndi kuthira mchere kawiri. Adyo, anyezi, louro, tsabola ndi ndimu zimakometsa chakudya popanda kuwonjezera mchere. Lilime limazolowera mchere wochepa pakatha masabata angapo.

Shuga: shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a makalori a pa tsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12. Chitini chimodzi cha refresco ya kola cha mamililita 330 chili ndi magalamu pafupifupi 35. Makapu awiri a tiyi othira masupuni atatu iliyonse amawonjezera magalamu ena pafupifupi 24.

Mafuta: supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Kuthira mafuta mongopendeketsa botolo kumabisa kuchuluka kwake, choncho kuyeza ndi supuni ndi njira yabwino. Mafuta safunika kusiyiratu, chifukwa amathandiza thupi kutenga mavitamini A, D, E ndi K. Kuyambira 2016 lamulo la dziko la Mozambique limakakamiza mafakitale kuwonjezera vitamini A m'mafuta ophikira ndi mu shuga, komanso ferro ndi folato mu ufa wa tirigu ndi wa chimanga.

Mowa: galamu imodzi ya mowa weniweni ili ndi makalori 7. Mowa umakwezanso kuthamanga kwa magazi, kaya ndi wa m'botolo, masese kapena kachasu.

Omwe ayenera kusamala

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, okalamba ofooka, odwala TB ndi omwe thupi lawo latsika chifukwa cha matenda sayenera kuchepetsa chakudya. Kwa iwo nyemba ndi mbatatesi ndi zabwino, koma ziwonjezeredwe nsinjiro, dzira, mafuta kapena mapeyala. Mwana amayamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, ndipo pambuyo pake akhoza kupatsidwa nyemba ndi mbatatesi zonyenya bwino, zopanda tsabola, akupitiriza kuyamwa.

Odwala shuga omwe amabaya insulina kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asadumphe chakudya kapena kuchichepetsa mwadzidzidzi asanakambirane ndi achipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Pa mbale yawo nyemba ndi masamba zichuluke kuposa mbatatesi, ndipo mbatatesi zodula ndi zabwinopo kusiyana ndi zonyenya.

Odwala impso afunse kaye dokotala, popeza nyemba ndi mbatatesi zonse zili ndi potaziyamu wambiri, yemwe impso zodwala zimalephera kumutulutsa.

Omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV apitirize kumwa monga adauzidwira. Kadyedwe kabwino kamathandiza mankhwala, ndipo ndi wachipatala yekha yemwe angasinthe muyezo wake.

Kutsika thupi kwa munthu yemwe sakufuna kutsika ndi chizindikiro chofunika kupita nacho kuchipatala, makamaka ngati pali chifuwa chokhalitsa, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi.

Kwa omwe sadya nyama

Anthu amasiya nyama pa zifukwa zosiyanasiyana. Akatolika amasala nyama Lachisanu lililonse la nyengo ya Quaresma, mpingo wa Adventist umalimbikitsa kudya zomera, ena amatsata malangizo a kuchipatala, ndipo ambiri ndi chifukwa cha mtengo. Mapuloteni si vuto ngati munthu akudya nyemba, khobwe, nandolo, soya ndi mtedza pamodzi ndi chimanga, mapira kapena mpunga pa tsiku, chifukwa chomwe chimaperewera m'mapuloteni a chimanga chimapezeka mu nyemba, ndipo choperewera mu nyemba chimapezeka m'chimanga.

Chomwe zomera sizipereka ndi vitamini B12, wofunika pa magazi ndi mitsempha. Amapezeka mu mazira, mkaka, nsomba ndi nyama. Yemwe amadya mazira, mkaka kapena nsomba zing'onozing'ono monga kapenta wa ku Cahora Bassa amamupeza. Yemwe wasiya zonse zochokera ku ziweto ndi nsomba amafunika mapiritsi a B12, makamaka mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Anthu ena amapewa nyemba chifukwa cha mpweya m'mimba. Mpweyawu umabwera tizilombo tabwino ta m'matumbo tikamagaya mitundu ina ya shuga ya mu nyemba. Kunyika, kutaya madzi onyikira, kuphika mpaka zifewe ndi kuyamba ndi muyezo wochepa zimachepetsa vutoli, ndipo mimba imazolowera pakapita masabata angapo.

Kusankha ndi kusunga

Mbatatesi yobiriwira khungu kapena yophuka kwambiri imakhala ndi poizoni wotchedwa solanina, yemwe satha ndi kuphika. Ngati pobiriwira ndi paphukira ndi pochepa, pamadulidwa mozama nkutayidwa. Ngati kubiriwira kwafalikira kapena mbatatesi ikuwawa, yonse itayidwe. Kuwala ndi komwe kumabiriwitsa, choncho mbatatesi zimasungidwa pamdima, pozizira, podutsa mphepo, osati m'pulasitiki yomanga.

Nyemba zambewu zopakidwa mankhwala a mtundu wofiira kapena wobiriwira ndi zodzala basi, ndipo kutsuka sikuzisandutsa chakudya. Nyemba zomwe zidathiridwa mankhwala a fumbi oteteza ku anankafumbwe zidyedwe nthawi yolembedwa pa paketi ya mankhwalawo itakwana, ndipo zitsukidwe bwino.

Chakudya chophika chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, makamaka kumalo otentha monga mumzinda wa Tete, Moatize ndi Changara, komwe nyemba zimasasa msanga. Mu firiji chimakhala masiku awiri kapena atatu, ndipo pochitenthetsa chitenthe mpaka pakati. Kumene kulibe firiji ndi bwino kuphika chongokwanira nthawi imodzi, pochepetsa zonse za pa mndandanda molingana ndi chiwerengero cha anthu.

Kumene kungapezeke uphungu

Kuthamanga kwa magazi kumadziwika pokhapokha poyeza. Muyezo wa 140 pa 90 kapena kuposerapo, ukapezeka pa masiku awiri osiyana, umasonyeza vutoli. Kuyeza magazi ndi kulemera kwa thupi kumachitika m'zipatala za boma, kuyambira ku Centro de Saúde ya m'dera mpaka ku Hospital Rural de Ulónguè ndi Hospital Provincial de Tete. Munthu wamkulu aliyense, makamaka yemwe wapitirira zaka 40 kapena yemwe kubanja kwawo kuli shuga kapena AVC, akuyenera kuyezetsa kamodzi pa chaka ngakhale akumva bwino, ndi kufunsa achipatala muyezo wa chakudya woyenera thupi lake asanayambe kuchepetsa.